Mwala wa Pakhomo

Pakhomo pathu, m'kamsewu kopapatiza ka ku Thoothukudi,
pali mwala wakuda woboola pamutu.
Umagwira chitseko kuti mphepo ya kunyanja isachimenyetse.
Adzukulu amaukhalira akamadya makaruni a korosho,
nyenyeswa zoyera n'kumagwera m'bowo lake.
Sadziwa kuti mwalawu unkafika pansi pa nyanja
kambirimbiri dzuwa lisanafike paliwombo.

Bambo anga, a Siluvaimuthu, ankaupana ndi zala za kuphazi,
n'kutsina mphuno, n'kuzimirira.
Chingwe chinkatsala m'manja mwa mlamu wawo, Kitheriyan,
pakuti kuno timati moyo wako uusungitse kwa mlongo wa mkazi wako:
akakutaya, akanena chiyani kwa mlongo wakeyo?
Awiriwo sankamvana pa chilichonse,
ngongole, ndale, ngakhale kapichiridwe ka fodya,
koma chingwe chikangoti gwede
Kitheriyan ankakoka ngati akukoka mpweya wake womwe.

Nkhono zinkaunjikidwa pamchenga kuti ziwole.
Fungo lake linkalowa mpaka m'mpunga.
Kenako amalonda ovala zoyera ankabwera ndi timasefa tamkuwa,
mipango ili pamphuno,
kudzasankha ngale m'chivundi ndi ntchentche.
Amayi sanavalepo ngakhale imodzi.
Ndolo zawo zinali zagalasi, zogula pachikondwerero.

Bambo ankawerenga eni doko ngati akuwerenga nyengo:
mafumu a Pandya, a mbendera ya nsomba,
Apwitikizi ndi mtanda wawo,
Adatchi ndi mabuku awo a ngongole,
Angerezi ndi thonje, njanji ndi utsi.
Aliyense ankafika ndi sikelo yake, ankatero,
koma wogwira mpweya anali yemwe uja.
Tsiku lina anandikweza basi kupita ku Korkai,
doko la makolo, lomwe mtsinje wa Thamirabarani unalikwirira ndi matope.
Tinapeza nthochi ndi mbuzi.
Anakanda dothi ndi chala, n'kundionetsa chigoba.
Nyanja imasamuka, mwanawe, sitsanzika.

Mu Ogasiti timanyamula Panimaya Matha,
Amayi Maria a Chipale Chofewa,
mumzinda umene chipale sichinagwepo.
Ndili mwana ndinkayesa kuti dzinalo limanena milu ya mchere
yowala kunja kwa tauni mpaka maso kuwawa,
kumene Pechiammal amakokolola mchere, mapazi atang'ambika.
Iye amapembedza kukachisi wa Siva
koma kandulo yake sisowa pakati pa zathu.
Bambo ankaima pafupi ndi belu, dzanja lili pakhoma.
Makutu awo anali atatsala pansi pa nyanja;
belu ankalimva ndi chikhatho.

Ngale zinatha, kaya zinatikwiyira.
Ine ndimakwera m'mwamba, mamita makumi anayi,
m'kachipinda kagalasi ka makina onyamulira katundu padoko,
kutsitsa makontena omwe sindidziwa zam'kati mwake.
Mpweya ndi wambiri kumeneko.
Komabe chitsulo chikamatsikira m'mimba mwa sitima
ndimadzipeza nditatseka pakamwa, ndikuwerenga chamumtima,
makumi asanu, makumi asanu ndi limodzi,
mpaka chingwe chitalephuka.

Chaka chatha kunabwera mnyamata waulemu, wa kunyumba yosungira zakale,
ndi kamera ndi kabuku.
Anauyeza mwalawo, anausisita,
anati ukakhala m'galasi, dzina la bambo litalembedwa pansi pake
m'Chitamilu ndi m'Chingerezi.
Ndinatsala pang'ono kuvomera.
Amayi, omwe tsopano saona bwino,
anali pamkeka akusankha timiyala mumpunga ndi nsonga za zala.
Sanadzutse mutu.
Anangofunsa kuti, nanga chitsekochi agwira ndani?

Mnyamatayo anamwa tiyi wake n'kupita.
Madzulo mphepo inabwera monga mwa masiku onse,
yamchere, yonunkha dizilo ndi nsomba zouma,
inakankha, inakankhanso,
chitseko osasuntha.